Makombola a Teryo ndi Mpunga wa Mlamu Wake

Eleuterio Magpayo, amene tonse timangomutcha Teryo, anabadwa pa 9 Malichi 1966 m'mudzi mwathu muno, kunja pang'ono kwa tauni ya Bocaue. Mayi ake, Aling Sion, ankagwira ntchito yokulunga makombola m'timashedi ta kuseri kwa msika, monga amayi ambiri a nthawi imeneyo. Zala zawo zinali zotuwa ndi wonga, ndipo ngakhale azitsuke ndi mandimu Lamlungu m'mawa, kutuwako sikunkachoka. Analumbira kuti mwana wawo sadzakhudza wonga moyo wake wonse. Atangomaliza sukulu anamupereka kwa bambo wina wometa tsitsi kuti amuphunzitse lumo ndi sizasi.

Ndinamuphunzitsa m'kalasi yachinayi m'chaka cha 1976. Sanali mbuli, komanso sanali wanzeru zodabwitsa. Chimene ndimakumbukira ndi bondo lake. Linkagwedezeka pansi pa desiki kuyambira pa pemphero la m'mawa mpaka belu lowerukira, moti mnzake wokhala naye ankalemba mizere yokhota. Anthu amene amameta kwa iye amadziwa kuti dzanja lake ndi lodekha, koma kuyambira m'chiuno kutsika pansi munthuyo amakhala ngati akufuna kuthawa.

Pa 11 Meyi 1991 anakwatira Adoracion, amene ife timati Doray, mwana wa mlimi wa mpunga yemwe munda wake unali kuseri kwa nyumba zathu. Ine ndinaima ngati mayi wa ukwati wawo m'tchalitchi, ndipo kuyambira tsikulo onse awiri amanditchula kuti Ninang. Mchimwene wake wamkulu wa Doray, Pikoy, amene onse awiri amamutcha Kuya, kutanthauza achimwene, sanakondwe nawo ukwatiwo. Ankati mwamuna wa manja ofewa ngati buledi sangasunge mkazi. Makolo atamwalira, munda uja unatsala m'manja mwa Pikoy, ndipo alamu awiriwa anakhala moyandikana zaka zonsezi, pakati pawo pali mpanda wa nsungwi ndi mawu obayana.

Doray anapita ku Milan, kutsidya kwa nyanja, pa 3 Febuluwale 2004 kukasamalira nkhalamba za eni ake. Ndi ndalama zimene ankatumiza, nyumba inasintha malata, ndipo bwalo lonse la kuseri analithira simenti. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakula n'kukwatiwa kutali, ku Cebu. Teryo akatseka shopu madzulo ankapeza nyumba ili zii. Ndinkamuona ndili pawindo langa akuzungulira bwalo lija, kutola tsache, kulisiya, kulowa, kutulukanso.

Zinayamba ndi kasitomala wina amene anamuonetsa pa foni mpikisano wa makombola ophulika motsatira nyimbo. Teryo anaonera ali ndi sizasi m'manja, ndipo munthuyo anachoka mutu utametedwa mbali imodzi. Aling Sion anali atamwalira kale, choncho panalibe womuletsa. Chionetsero chake choyamba chinachitika pa 31 Disembala 2009. Nyimbo inaimba mpaka kutha kumwamba kuli mdima wokhawokha, kenaka itatha ndi pamene makombola anayamba kuphulika mopanda dongosolo, anthu ataimirira kale kuti azipita. Pikoy anaseka mpaka kukhala pansi.

Teryo sanagwe mphwayi. Anazindikira kuti ukayatsa pamene ng'oma yalira, ndiye kuti wachedwa kale. Kachingwe kayenera kunyeka kaye, chinthucho chikwere, ndiyeno chikaphulike kumwamba. Dzanja liyenera kutsogola, nyimbo izibwera pambuyo. Ndipo mtundu uliwonse wa makombola uli ndi ulesi wakewake: ena amanyamuka msanga, ena amayamba aganiza kaye. Choncho akagula, ankapatulako amodziamodzi n'kukawayesa kumtsinje, milomo ikuwerenga chamumtima. Pa simenti paja anajambulapo timizere ta penti toonetsa pamene paipi iliyonse yoponyera makombola idzaime ndi pamene phazi lake lidzaponde.

Okutobala akangofika ankayamba kuyeserera. M'malo mwa mapaipi ankaika mabotolo, ndipo m'manja ankagwira kansungwi komangirira koyilo ya udzudzu kumapeto, poti ndi imene amayatsira. Nyimbo yake inali imodzi yomweyo chaka ndi chaka, ya malipenga ndi ng'oma, imene gulu loimba la m'tauni mwathu linajambulitsa kalekale. Ankaiyambitsa, n'kuthamanga kugunda mabotolo, kulakwitsa, kuibweza, kuyambanso. Tonse tinailoweza osafuna. Ana ankaiimba ndi mluzu popita kusukulu, ndipo ine ndinadzipeza ndikusenda adyo motsatira ng'oma zake.

Koma munthu mmodzi anali asanaonepo chionetserocho ndi maso ake. Doray ankapatsidwa tchuthi mu Ogasiti mokha, pamene kuno mvula imagwa usana ndi usiku ndipo wonga sungayake. Ankaonera pa foni, ndipo pa foni chithunzi chinkafika chokha, mawu n'kubwera pambuyo.

"Ndiye n'chiyani chimene umati zimavinira limodzi?" ankatero Doray. "Ine ndikungoona moto uko, nyimbo uko. Mwamuna wamkulu ngati iwe, kuthamangitsana ndi mabotolo!"

Mawu amenewo ankamupweteka Teryo kuposa chipongwe chonse cha Pikoy.

Kumapeto kwa Novembala 2018 anatulukira pakhomo panga masana, tsitsi la anthu lidakali pa malaya.

"Ninang, Doray akubwera! Gogo amene amamusamalira uja amutenga ana ake kwa masabata angapo. Afika pa 2 Disembala."

"Khala pansi, Teryo."

"Koma abwerera pa 20. Akuti Khirisimasi ikamupeze ali pantchito."

"Ndati khala pansi. Ukundichititsa chizungulire."

Anakhala, n'kudzukanso nthawi yomweyo. "Sindidikira Chaka Chatsopano. Ndiphulitsa iye ali pano. Aone yekha, Ninang, kamodzi kokha. Akaona n'kunenabe kuti ndi misala, basi, ndidzavomera."

Anali ataiwala chinthu chimodzi, ndipo ndine ndinamulozera pawindo. Zotsalira za makombola zimagwera m'munda wa Pikoy, zina zikadali ndi moto. Zaka zonse zimenezi sizinkavuta chifukwa pofika Disembala mundawo unkakhala utakololedwa. Koma chaka chimenecho madzi osefukira a mu Ogasiti anapha mbande, Pikoy anaokeranso mochedwa, ndipo mpunga unali chiimire kuseri kwa mpanda, ukuyamba kumene kufiira.

Doray anafika pa tsiku lake, atawonda pang'ono, ndi makatoni a sopo ndi chokoleti. Madzulo ake tinadya mpunga ndi nyama ya nkhumba pabwalo paja, ndipo Teryo sanadikire kuti mlamu wake amalize kutafuna.

"Kuya Pikoy, mpungawu mukolola liti?"

"Ukacha."

"Ucha liti?"

"Pita ukaufunse. Mwina iwe ukuyankha, poti umayankhula ndi mabotolo."

"Kuya, ndikufunsa bwinobwino."

"Nanenso ndikuyankha bwinobwino, alamu. Kambaliwali kamodzi kokha kakagwera mu mpunga wanga, ndidzakumeta ndi chisikiro, ulawe mmene timamvera ife kushopu kwako."

Doray anaseka mpaka kutsamwa. "Simunasinthe nonse awiri. Ndakalamba ndine ndekha."

Masiku otsatirawo Teryo sanakhazikike. M'mawa asanapite kushopu ankasuzumira pampanda, kubudula ngala, kuifikisa m'manja. Masana ankabwera kudzaonanso, ngati mpunga ungache pakati pa m'mawa ndi nkhomaliro. Madzulo nyimbo ija inkalira, iye akuthamanga pakati pa mabotolo, Doray atakhala pakhonde akusoka kapena kungoyang'ana. Makatoni a makombola anali m'chipinda cha mwana wawo, atawasanjika pa matabwa kuti asakoke chinyezi.

Pa 12 Disembala makina okolola anabwera. Teryo anawaperekeza kuchokera kumsewu ngati mkwatibwi. Anangolowa pang'ono m'munda n'kutitimira mpaka m'mimba, chifukwa nthaka inali isanaume chisefukireni madzi. Anawatulutsa ndi thirakitala dzuwa litapendeka, ndipo woyendetsa anati sabweranso mpaka Januwale.

"Ndiye tidula pamanja," anatero Pikoy. "Koma anthu ake ali kuti? Achinyamata a masiku ano chisikiro amachionera pa chithunzi."

"Anthu ndiwapeza ine," anatero Teryo.

Anawapezadi. Aliyense wokhala pampando wake wometera ankatuluka atalonjeza kubwera kapena kutumiza m'bale wake, poti munthu sukana zambiri lumo lili pakhosi. Lachisanu pa 14 m'mamawa anthu anasonkhana pamphepete pa munda, zisikiro zili zonolanola. Pikoy anatuluka ndi kapu ya khofi, n'kuwayang'ana.

"Mwabwera kudzatani?"

"Kudzadula, Kuya!"

"Lachisanu? Bambo anga sanayambepo kukolola Lachisanu, agogo anga chimodzimodzi. Mubwere mawa."

"Kuya, ndikupemphani. Tsiku limodzi ndi lalikulu kwa ine."

"Ndiye ukufuna tsoka ligwere mpunga wanga kuti iwe uziliza tizidole tako? Mawa."

Teryo anabwera kwa ine kuti ndikamunenerere. Ndinamuuza kuti ndinaphunzitsa ana zaka zambiri koma sindinaphunzitsepo Pikoy kanthu. Tsiku lonse analithera akuyenda uku ndi uku pa mzere wa munda, chisikiro chobwereka chili m'manja.

Loweruka anayamba. Teryo anatseka shopu m'sabata imene aliyense amafuna kumeta Khirisimasi isanafike, n'kulowa m'matope kwa nthawi yoyamba pa moyo wake. Ankadula mothamanga, mopanda luso, akusiya ngala kumbuyo. Amayi odziwa ntchitoyi ankamuseka.

"Ometa inu, uwu si mutu wa munthu! Gwirani pansi!"

"Musiyeni," anatero Pikoy, "akuusiyira tsitsi la kutsogolo kuti uoneke bwino."

Pofika madzulo m'manja mwake munali matuza okhaokha. Lamlungu titachoka ku Misa anabwereranso, matuza aja n'kuphulika. Ndinali kwawo pamene Doray ankamumanga nsanza m'manja, ndipo sanandichitire manyazi.

"Ndauluka ulendo wonse uja kudzaona msana wako, eti? M'mawa uli m'munda, madzulo uli ndi mabotolo. Chifikireni sunandifunse n'komwe mmene ndimakhalira kumeneko."

"Zonsezi ndikuchitira iwe, Doray."

"Ine ndinakutuma? Ndikanakonda utangokhala pansi apa n'kumwa nane khofi."

"Ndikhala. Zikangotha izi, ndikhala."

"Zikatha izi ine ndidzakhala ndili m'ndege."

Bondo la Teryo linkagwedeza tebulo mpaka masupuni kulira. Doray anamenya bondolo ndi dzanja, kenaka n'kumanga mfundo mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Lolemba pa 17 anamaliza kudula, ndipo makina opunthira analira mpaka dzuwa kulowa. Kuseri kwa mpanda kunatsala ziputu ndi matope, zinthu zoti sizingapse. Teryo anayenda nyumba ndi nyumba kuuza anthu kuti chionetsero chili Lachiwiri kukangoda. Anakauzanso akuluakulu a dera, amene anali atamulola kale malinga mpunga utachoka.

Lachiwiri m'mawa ndinadzutsidwa ndi mfuu. Nditasuzumira pawindo ndinaona bwalo lonse la Teryo lili mbuu ndi mpunga, kuyambira pakhonde mpaka kumpanda. Pikoy ankaufalitsa ndi chopalasira chamtengo, akuimba mluzu wa nyimbo ija. Timizere tonse ta penti tinali titakwiririka.

Kuno kwathu nthawi yokolola, amene ali ndi simenti ndiye kuti ali ndi poyanikira pa anthu onse. Bwalo la mpira pafupi ndi tchalitchi linali litadzaza kale ndi mpunga wa ena, m'mbali mwa msewu namonso. Mnansi sumukaniza simenti, nanji mlamu. Teryo ankadziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Kungoti zaka zonse mpunga wa Pikoy unkauma pabwalo lomweli iye asanaike mapaipi, ndipo pothamangira kudula sanaganizeko kuti mpunga ukachoka m'munda upita kuti.

"Kuya! Mwandipha! Wakulolani ndani?"

"Mlongo wanga. Simentiyi anathira ndani, iwe?"

Doray anali pakhomo, manja ali m'chiuno. "Umafuna auyanike pamutu pako? Ndi wonyowa, Teryo. Ukagona m'matumba umera."

"Nanga ine?"

"Walira mvula walira matope, alamu," anatero Pikoy. "Unkafuna ndikolole msanga. Ndakolola."

Tsikulo kunachita mitambo. Teryo analanda chopalasira chija n'kuyamba kutembenuza mpungawo, kupita uku, kubwerera uku, osapuma, ngati kuti kuutakasa kungaitane dzuwa. Nsanza za m'manja zinafiira. Madzulo anaukundika milu n'kuufunditsa mapepala apulasitiki, ndipo anthu amene anabwera kudzaonera anabwerera kwawo.

Lachitatu pa 19 dzuwa linawala bwino. Linali tsiku lomaliza, poti galimoto yopita ku bwalo la ndege inali yoti ifika m'mawa wa tsiku lotsatira. Doray ankalongedza nsomba zouma ndi mankhwala opaka m'chikwama. Teryo ankapalasa mpunga, kuyang'ana kumwamba, kupalasanso. Dzuwa litapendeka Pikoy anabwera, anatola njere zingapo n'kuziluma ndi mano akutsogolo. Tonse tinatchera khutu kuti timve ngati zithetheka monga umachitira mpunga wouma.

"Sunaume. Mawa tsiku lonse."

"Ndiye tiuthire m'matumba, tiuchotse, mawa tidzauyalanso."

"Anyamule ndani? Anthu ako aja ali m'minda ina. Iwe ndi manja akowo sunganyamule ngakhale mphaka. Ndipo moto pafupi ndi mapepala anga, iwalako."

Teryo anaponya chopalasira pansi n'kupita kukaima pampanda, nsana atatilozetsa. Doray anasiya kulongedza n'kutuluka. Anayang'ana mwamuna wake kanthawi, kenaka n'kutembenukira kwa mchimwene wake.

"Kuya, m'mundamo muli chiyani tsopano?"

"Matope."

"Matope amapsa?"

Pikoy anakanda m'mutu. "Akapite kutali, kupitirira ngalande. Mphepo ikulowera uko, kulibe nyumba. Koma akagwa ndisamve dzina langa."

Teryo anali atalowa kale m'nyumba kukatenga mapaipi.

Amuna angapo a m'mudzi anamuthandiza kunyamula. Mapaipi anawazika m'matope m'mizere itatu monga pa simenti paja, ndipo anaima nji kuposa kale. Anayala matabwa pamene makatoni ang'onoang'ono ankayenera kukhala. Sipika anaiika pa mzere wa munda, atalumikiza nthambo zobwereka ku nyumba zitatu. Nthawi yoyeserera panalibe. Pamene ankamaliza, kumadzulo kunali kutafiira kale ndipo anthu anali atadzaza m'mbali mwa mpanda, ena atabwera ndi mipando yawo. Ine ndinakhala pafupi ndi Doray. Pikoy anaima pambali pa milu yake ndi ndowa ziwiri za madzi.

Kutangoda, tinaona kamoto kofiira ka koyilo kakugwedezeka kutali, chizindikiro choti ayatse nyimbo. Malipenga anayamba. Makombola awiri oyamba anakwera n'kuphulika pamalo pake, anthu n'kukuwa. Kenaka zinayamba kusokonekera.

Masitepe onse amene Teryo analoweza miyezi itatu anali a pa simenti. M'matope phazi likalowa limafuna kulipempha kuti lituluke. Ng'oma inkalira, kumwamba kuli zii, kenaka moto n'kubwera pambuyo ngati mlendo wochedwa pa ukwati. Kuwala kukabwera tinkamuona akuzula mwendo ndi manja onse awiri. Nsapato imodzi inatsalira momwemo. Mzere woyamba anaumaliza nyimbo itamusiya kutali.

"Thamanga, ometa!" wina anakuwa.

"Akusambira ameneyo!"

Ana anaseka. Doray sanaseke. Anandigwira dzanja, ndipo ndinamva zala zake zikugunda pa dzanja langa motsatira ng'oma.

"Wachedwa, Ninang. Apa pamayenera kukhala obiriwira aja. Wachedwa kwambiri."

Mzere wapakati ndi umene Teryo ankaunyadira kwambiri. Munali makombola aakulu agolide amene amatsika pang'onopang'ono ngati nthambi zolendewera, ndipo anali atawasungira ndalama chaka chonse. Tinaona kamoto kofiira kaja kakufika pamzerewo n'kuima. Nyimbo inali italowa kale m'chigawo chofatsa chimene agolidewo ankayenera kutsagana nacho. Akanawayatsa, akanathera mu ng'oma za kumapeto, ndipo mzere womaliza ukanaphulika nyimbo itatha, ngati chaka choyamba chija.

Kamoto kaja kanasuntha. Kanadutsa mzere wonse wapakati osayatsa kanthu.

Kumwamba kunakhala mdima nthawi yaitali, malipenga akuimba okha. Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati koyilo yazima, wina anati wagwa.

"Akutani chitsiru ameneyu?" anatero Pikoy, atasiya ndowa zake n'kufika pampanda.

"Khalani chete, Kuya," anatero Doray. "Akukadikira nyimbo kutsogolo."

Tinkaona kamoto kakuyenda movutikira, kugwa, kudzuka, mpaka kanafika pa mzere wachitatu n'kuima duu. Nyimbo inayamba kukwera. Tonse tinkadziwa pamene ng'oma yaikulu imalowa, ndipo isanalowe tinamva kulira kwa chinthu chikukwera kumwamba. Ng'oma itangoti du, kumwamba kunatseguka koyera. Inagundanso, kofiira. Kugunda kulikonse kunali ndi moto wake, osatsogola, osatsalira, ngati woimba ng'omayo akumenya thambo lenilenilo. Mapaipi a mzerewu anali oyandikana, choncho sankafunikira kuyenda, ankangotembenuka atagwada. Malipenga atakoka mawu omaliza, anayatsa onse otsala, ndipo munda wonse unawala mpaka tinaona ziputu chimodzichimodzi. Nyimbo inatha, moto nawo n'kuzima nthawi yomweyo.

Panapita kanthawi anthu asanayambe kuomba m'manja. Pikoy anabwerera ku milu yake n'kuyamba kufufuza pa mapepala ngati pagwera kanthu, akung'ung'udza yekha.

Teryo anatulukira pampanda ali matope kuyambira kumutu mpaka kumapazi, akupuma ngati ng'ombe yolima. Sanayang'ane munthu wina aliyense.

"Zawonongeka, Doray. Agolide aja sindinawayatse. Ndiwo ndimafuna uone."

"Chiyambi chinali chonyansa," anatero Doray. "Pakati panalibe kanthu."

"Ndikudziwa."

"Koma kumapetoko." Anaima kaye, n'kupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi. "Ndiye zimakhala chonchi? Nyimbo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza?"

"Pa simenti, inde. Zikayenda bwino."

"Ndiye foni ija imandinamiza zaka zonsezi." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nsapato ina ili kuti?"

"Ili m'munda wa Kuya."

"Ikamera tidzagawana," anatero Pikoy ali kumilu kwake.

Amuna aja anapita ndi tochi kukazula mapaipi osayatsidwa kuti asagone m'chinyezi. Teryo anafuna kuwatsatira, koma Doray anamugwira malaya.

"Iwe ukhala pansi. Unalonjeza."

Anamutsuka pa mpopi wa panja ngati mwana, anamumanga nsanza zatsopano, n'kutereka khofi. Pamene ndinkatsanzika anali atakhala onse awiri pakhonde, Doray akumufotokozera za gogo wa ku Milan amene amabisa masikono pansi pa pilo n'kumanamizira anthu kuti amuba.

Galimoto inafika Lachinayi pa 20 Disembala dzuwa litangotuluka. Pikoy anali akuyala kale mpunga wake pa simenti, ndipo anachita kupalasa kanjira kuti zikwama zidutse. Doray anandipsompsona, anakumbatira mchimwene wake, kenaka n'kuloza chipinda chimene munali makatoni aja.

"Agolidewo usawaphulitse pa Chaka Chatsopano. Ndi anga. Ndikakambirana ndi ana a gogo uja za Disembala wina."

"Sangadikire nthawi yaitali, Doray. Wonga umakoka chinyezi."

"Ndiye uwasamale. Si ntchito yako imeneyo?"

Teryo anatsegula pakamwa kuti afotokoze za chinyezi cha mu Ogasiti, koma woyendetsa analiza hutala. Anakwera onse awiri kumbuyo, iye atanyamula chikwama cha mkazi wake pamiyendo ndi manja ake omanga nsanza aja, ndipo galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, ikuzemba mpunga wa anthu umene unali utayanikidwa m'mbali mwa msewu.